CHITETEZO CHA YANI? MAU KWA MAKOLO NDI ANA A ANCHITO



Nkhani imene tabwera nayo inabuka pa msonkhano wa sosaiti yathu ya maliro kuno ku Hatcliffe. Titatha kuwerenga zopereka za mwezi, bambo wina amene walonda pa chipata cha nyumba ina ku Borrowdale zaka zambiri anaimirira nati ali ndi chomsautsa. Mwana wache wamkazi wakhoza bwino Fomu 6, ndipo afuna kupita ku Yunivesite kukaphunzira za chitetezo cha dziko. Bamboyo wakana kwa mtu wa galu. "Ine ndigone pa mphepo zaka zonsezi kufuna fizi," anatero, "kuti potsiriza ndilere kazitape m'nyumba mwanga?" Ambiri anaomba m'manja. Ife a bungwe la anchito sitinaombe, ndipo tifuna kunena poyera chifukwa chache.

Mantha a bamboyo tiwadziwa, pakuti ndi athu omwe. Koma titi mwanayo apite. Anthu amene akhala akuphwanyidwa m'dzina la chitetezo kwa mibadwo itatu ndiwo ayenera kuyamba kudziwa chimene mau amenewa atanthauza, amene amawalemba m'malamulo, ndi kumene ndalama zache zipita. Tikasiya maphunziro awa m'manja mwa ana a mabwana okha, tidzakhala monga takhalira masiku onse, anthu ofufuzidwa ndi olembedwa m'mabuku a apolisi, osadziwa ngakhale chimene chalembedwamo.

ZIMENE ANAONA AGOGO ATHU

Tiyambire pa chaka cha 1959, nthawi ya Chitaganya. Pa 25 January atsogoleri a Nyasaland African Congress anachita msonkhano kuthengo pafupi ndi Blantyre. Azondi a Boma, ena a iwo osakhalapo ndi komwe pa msonkhanowo, anapereka mbiri yakuti Congress yapangana kupha Azungu, Amwenye ndi mafumu okhulupirika ku Boma. Akulu a Special Branch analandira mbiriyo naitumiza pamwamba. Asilikari anachokera ku Southern Rhodesia kulowa m'Nyasaland. Pa 26 February Boma la Salisbury linalengeza Emergency nimanga anthu pafupifupi 500, ndipo pakati pao panali machona anzathu a Congress amene anali pa nchito m'dziko lino. Pa 3 March Emergency inagwa m'Nyasaland. Dr. Banda anatengedwa pa ndege kukatsekeredwa ku Gwelo, ena ku Khami, ena ku Kanjedza, onse pamodzi oposa 1,000. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay asilikari anaombera khamu la anthu amene anadza kudzaona abale ao otsekeredwa m'sitima ya Mpasa, ndipo anafa osachepera 20. Onse ophedwa m'masabata amenewo anali 51.

Boma la ku London litatumiza woweruza Devlin kudzafufuza, iye anapeza kuti ngakhale kunali mau a chiwawa pa msonkhanowo, pangano lakupha anthu onse monga ananenera azondi panalibe, ndipo analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Taonani tsono, abale. Anthu 51 analowa m'manda chifukwa amene analandira mphekesera sanadziwe, kapena sanafune, kuipima. Kodi wanena ndani? Anaona ndi maso ache kapena anangomva? Alipidwa zingati pa mau ache? Pali wina amene atsimikiza zomwezo? Kufunsa mafunso amenewa ndiko phunziro loyamba la munthu wophunzira bwino za chitetezo. Akapirikoni a masiku aja anagulitsa mau, koma wogula ndiye analakwa koposa.

MALAMULO AMENE SANAFE

Chaka cha 1960 Boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa Law and Order (Maintenance) Act, lamulo loletsa misonkhano, loopsa kotero kuti Sir Robert Tredgold, woweruza wamkulu wa Chitaganya, anatula pansi udindo wache posafuna kulitumikira. Chitaganya chinafa pa 31 December 1963, ulamuliro wa Smith unatha mu 1979, koma lamulo lija linakhalabe ndi moyo kufikira 2002, pamene linalowedwa m'malo ndi POSA, ndipo POSA inalowedwa m'malo ndi MOPA mu 2019. Emergency imene Smith analengeza mu November 1965 inachotsedwa mu 1990, zaka 10 dziko litalandira ufulu. Ken Flower, amene anatsogolera CIO kuyambira 1963 pansi pa Azungu, anasungidwa pa mpando womwewo mu 1980. Ku Malawi nako, mphamvu yomanga munthu popanda mlandu, imene Atsamunda anasiya, inadzaza Mikuyu ndi Dzaleka m'zaka za chipani chimodzi.

Mbendera zinasintha, koma zipangizo zinangopatsirana manja. Anthu a ku Matabeleland anaziona kuyambira 1983. Ife a mabungwe a anchito tinaziona pa 13 September 2006, pamene atsogoleri a ZCTU, a Lovemore Matombo, a Wellington Chibebe, mai Lucia Matibenga ndi anzao, anamenyedwa koopsa ku polisi ya Matapi ku Mbare chifukwa chofuna kuguba kudandaula za malipiro ndi misonkho. A Malawi anaziona pa 20 July 2011, anthu 20 atafa pa zionetsero. Harare anazionanso pa 1 August 2018, anthu 6 ataomberedwa pakati pa tauni. Paliponse mau anali amodzimodzi: bata ndi chitetezo.

Tsono tifunse. Ndani pakati pathu angatenge MOPA, kuiika pambali pa lamulo la 1960, ndi kusonyeza ndime ndi ndime chimene chinasintha ndi chimene chinangovala malaya ena? Tikakangana ndi mkulu wa polisi za msonkhano wathu, timadalira maloya a chifundo ochokera ku tauni. Kodi si manyazi kuti komboni ya anthu zikwi zambiri ilibe ana ache odziwa zimenezi?

SUKULU YA HATCLIFFE EXTENSION

Ana athu safunika kuoloka nyanja kuti akapeze chitsanzo, pakuti anabadwira pa icho. Ambiri a ku Hatcliffe Extension anatulidwa kumeneko ndi Boma lomwe m'zaka za m'ma 1990, ena ochotsedwa pa famu ya Churu mu 1993. Pambuyo pache anapatsidwa masitandi ndi zikalata za lisi zochokera ku Boma. Kumapeto kwa May 2005, patangopita miyezi iwiri chichitikire masankho a aphungu, kunafika apolisi a zipolowe nalamula anthu kugwetsa nyumba zao ndi manja ao. Inali nyengo ya chisanu. Mzikiti unagwetsedwa, ndipo nchito ya masisitere osamalira ana amasiye ndi odwala inasokonezeka. Ena anatengedwa pa malole kupita ku famu ya Caledonia, ena anagona panja pa katundu wao. Patapita masabata, eni zikalata analoledwa kubwerera pa masitandi omwewo, kudzakhala m'zisakasa za mapulasitiki pamwamba pa zibuma za nyumba zao.

Imeneyo ndiyo Murambatsvina. Mai Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, anawerenga anthu 700,000 amene anataya nyumba kapena malonda ao m'dziko lonse. Ndipo mau amene tinauzidwa anali akuti, "Bwererani kumudzi kwanu." Kumudzi kuti? Munthu amene agogo ache anadza wapansi kuchokera ku Dedza kapena ku Mangochi, kapena anabwera ndi Mthandizi, amene bambo wache anabadwira pa famu ku Mazowe, iye mwini nabadwira m'Harare, mudzi wache uli kuti? Lamulo la unzika la 2001 linali litachotsa kale ambiri a ife m'kaundula wa nzika, ndipo zitupa zathu zinalembedwa kuti ndife alendo m'dziko limene tinabadwiramo.

Usiku umenewo dziko linalibe mdani pa malire. Panalibe ndege yoponya mabomba. Komabe mwana wa ku Hatcliffe anagona pa mphepo ngati wothawa nkhondo. Ngati chitetezo cha dziko sichifika pa denga la mwana ameneyo, ndiye kuti ndi chitetezo cha yani?

CHIMENE AMAPHUNZIRA

Ambiri ayesa kuti maphunziro awa ndi kuguba ndi kugwira mfuti. Ai ndithu. Kuguba amaphunzira ku kampu ya asilikari. Ku Yunivesite mwana amaphunzira mbiri ya nkhondo ndi zimene zinaziyambitsa, malamulo a dziko ndi mapangano a maiko, makhalidwe a malire ndi njira za malonda, kupima mbiri isanakhulupiriridwe, kuwerenga ndalama za Boma, umbava wa pa makompyuta, ndi kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ku Bindura kuli maphunziro a upolisi ndi chitetezo. Yunivesite ya Zimbabwe yaphunzitsa za nkhondo ndi machenjera ache kwa zaka zambiri. Ku Mzuzu kuli digiri ya za chitetezo. Ndipo kumpoto kwa Harare konkuno, pa mseu wa ku Mazowe, kuli sukulu yaikulu ya asilikari imene inatsegulidwa mu 2012, yomangidwa ndi ngongole ya madola 98 miliyoni yochokera ku China, imene pambuyo pache inasanduka Zimbabwe National Defence University. Ngongole ya Boma ndi ngongole ya wokhoma msonkho, ndipo wokhoma msonkho ndi inu ndi ife.

Sitinena kuti adani enieni kulibe. Amene anaona nkhondo ya ku Mozambique sanganene zotere. Asilikari a Zimbabwe analonda njanji ndi paipi ya mafuta ya ku Beira, a Malawi analonda njanji ya ku Nacala, ndipo Malawi anasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Basi ya ku Nyamapanda sinali kudutsa ku Tete popanda asilikari operekeza. Kuyambira 2017 ku Cabo Delgado kwakhala kukhetsa mwazi. Dziko lifunika asilikari odziwa nchito yao ndi apolisi ogwira mbala, ndipo mayi wa ku Hatcliffe amene wathyoleredwa nyumba ndiye woyamba kuwafuna.

Koma tiwerenge bwino chimene chapha anthu athu. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha oposa 4,000 m'Zimbabwe, chifukwa cha mipope youma ndi zimbudzi zosefukira. Namondwe Idai anakwirira mabanja ku Chimanimani mu March 2019. Namondwe Freddy anapha oposa 1,000 ku Malawi mu March 2023. Pa 6 June 1972 mgodi wa Wankie unaphulika nupha anchito 427, pakati pao a Malawi, a Zambia ndi a Mozambique. Kuyambira 1994, pamene bungwe la UNDP linafalitsa lipoti lache lonena za chitetezo cha munthu, masukulu ambiri aphunzitsa kuti chakudya, madzi, umoyo ndi nchito ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi malire ndi mfuti. Mwana amene wakula akuima pa mzere wa pa mjigo tambala asanalire adziwa phunziro limeneli asanatsegule buku. Akasowa m'kalasi, ndani adzalikumbutsa?

KWA AMENE ATI NDI UKAZITAPE

Tiyankhe bambo uja mwaulemu. Bambo, kazitape amene anakulozani chala sanafune digiri. Anafuna botolo la mowa ndi ndalama pang'ono. Umbuli sunatetezepo komboni iriyonse kwa azondi. Ndipo inu mwini, kodi simuli pa nchito ya chitetezo? M'mawa uliwonse makombi a ku Hatcliffe atula alonda, osamala maluwa ndi olera ana pa zipata za Borrowdale, kuseri kwa malinga atali ndi mawaya a magetsi. Tilonda chuma cha ena usiku wonse ndi chibonga ndi wezulo, kwathu tasiya chitseko cha malata. Mwavomera kulonda chipata cha bwana, koma mukaniza mwana wanu kuphunzira za amene alamula zipata za dziko lonse. Zimenezi sizigwirizana.

Malamulo Akulu a Zimbabwe a 2013 ali ndi mau amene mwana wanu ayenera kuwadziwa monga adziwira Pemphero la Ambuye kapena Fatiha. Gawo 206 linena kuti chitetezo cha dziko chiyenera kutsata kufuna kwa anthu kukhala olingana, a ufulu ndi opanda mantha. Gawo 208 liletsa asilikari, apolisi ndi azondi kukondera chipani. Gawo 74 liletsa kuchotsa munthu m'nyumba mwache kapena kuigwetsa popanda chigamulo cha khothi. Gawo 210 linalamula kuti pakhale malo oima paokha odandaulirako za a chitetezo, koma lamulo lokhazikitsa malowo linadza mu 2022, patapita zaka 9. Linachedwa chifukwa olikumbutsa anali ochepa. Mau a papepala sayenda okha, afuna anthu owanyamula: m'makomiti a Nyumba ya Malamulo, m'manyuzipepala, m'makhothi, m'makhonsolo, m'mabungwe a anchito, ngakhale m'kati mwa polisi momwemo.

KWA ANA AMENE AONA YUNIFOMU YOKHA

Inunso achinyamata tili nanu mau, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati musankha maphunziro awa chifukwa mwaona galimoto yopanda nambala ndi anthu akuthawa mwini wache, khalani pakhomo. Komboni ino sifuna wina woiopseza.

Dziwaninso kuti digiri siisandutsa munthu ofisala. Asilikari ndi apolisi alemba anthu mwa njira zao, malo ndi ochepa, ndipo muli ndi akulu anu amene asunga zipewa za digiri m'sutikesi nagulitsa tomato pa mseu wa ku Domboshava. Tsono pimani bwino. Kumene sukulu ilola kutenga phunziro lalikulu ndi lina laling'ono pambali pache, mwana wa mlonda achita nzeru kugwira luso lodyera, monga malamulo, kuwerengera ndalama, makompyuta kapena zaumoyo, ndi kuika chitetezo pambali pache. Wowerengera ndalama amene adziwa za chitetezo angathe kutsata ndalama zogulira zida. Wa makompyuta angathe kuteteza banki kapena chipatala. Koma amene mtima wache uli pa chitetezo penipeni, atenge chimenecho monga phunziro lalikulu, naonjezepo chinenero. Inu mwakula ndi Chinyanja m'nyumba, Chishona pabwalo, Chingerezi ku sukulu, ena Chiyao, Chisena ndi Chipwitikizi. Chimene anzanu anakusekani nacho, ponena kuti ndinu mabwidi opanda mutupo, ndicho chuma chimene mwana wa ku Borrowdale alibe.

Ndipo konzani zitupa zanu msanga. Gawo 43 la Malamulo a 2013 linena kuti munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lache lili nzika ya dziko la SADC, ndipo anali kukhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Amene chitupa chache chikali kunena kuti ndi mlendo adzabwezedwa pakhomo loyamba. Musadikire tsiku lofunsira nchito.

ZIMENE TIFUNA

Kwa aphunzitsi a m'mayunivesite titi: phunzitsani 1959 ndi 2005 pamodzi ndi nkhondo za ku Ulaya. Phunzitsani lipoti la Devlin ndi la Tibaijuka, ndipo wophunzira asalangidwe pofunsa kuti analamula ndani. Sukulu imene iphunzitsa kuti kuteteza wolamula ndiko kuteteza dziko ikubwereza maphunziro a Welensky, ngakhale mphunzitsi wache akhale wakuda bii.

Kwa mabungwe athu a anchito, masosaiti a maliro, mipingo ndi mizikiti titi: timasonkha mwezi ndi mwezi kugulira akufa mabokosi, ndipo tichita bwino. Tisonkhenso kugulira amoyo mabuku. Mutu umodzi susenza denga. Mwana amene tamthandiza abwere pa holide adzatiwerengere malamulo a misonkhano m'chinenero chathu, tidziwe chimene wapolisi aloledwa kuchita ndi chimene saloledwa.

Kwa makolo titi: musatemberere mwana amene asankha njira iyi. Mtengeni mukamsonyeze pamene panali nyumba yanu chisanafike chisanu cha 2005, mumuuze dzina la mudzi umene agogo ache anachokera ndi njira imene anadzera. Akadzakhala pa desiki, pepala lolamula kugwetsa komboni lili patsogolo pache, akumbukire malo amenewo, ndipo adziwe gawo la malamulo limene limpatsa mphamvu yokana.

Clements Kadalie anaphunzira ku mishoni ya Livingstonia, kumene Azungu anali kukonza akalaliki ndi aphunzitsi omvera. Ndi maphunziro omwewo anakayambitsa ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo mu 1927 Robert Sambo anadzayambitsa nthambi yache ku Bulawayo kufikira Boma linampitikitsa. Makolo ao akadaopa sukulu ya Mzungu, ife sitikadakhala ndi mabungwe. Sukulu ya chitetezo nayo tiilowe ndi maso otseguka.

Bambo uja sanatiyankhe pa msonkhano. Anati akaganiza. Makalata ofunsira malo ku Yunivesite ali ndi tsiku lotsekera, ndipo sosaiti yavomera kulipira ndalama yofunsira malo ngati iye alola. Chimene tapempha kwa iye tipempha kwa inu nonse amene muwerenge pepala ili: liwerengeni mokweza kwa amene sadziwa kuwerenga, lipatsireni mnzanu wa pa shifiti, ndipo nkhani iyi muikambe pa msonkhano wanu wotsatira.

Ndife anu m'chigwirizano cha anchito, a ku Hatcliffe, Harare.